Ana Osamva pa Doko la Chiuta

"Vula buluku limenelo ndisanakuvule ndekha," anatero Lukiya, asanapereke ndi moni womwe.

Anali atangotsika pa njinga yamoto ya kabaza imene inamuchotsa ku Ntaja, fumbi lili mbuu m'mapazi, foni ili m'manja. Mng'ono wake Sharifa anali ataima pa thandala loyanikira nsomba akutembenuza matemba, ndipo kunsi kwa chitenje chake kunkaonekera miyendo ya buluku la bambo awo, lopindidwa mpaka m'mawondo.

"Mwayenda bwanji, achemwali?" anafunsa Sharifa.

"Ndayenda ndi manyazi njira yonse. Taona ichi."

Anamuikira foni pamphuno. M'kavidiyomo munali Sharifa yemweyo, madzi akumulekeza m'ntchafu, akukankha bwato kulichotsa m'matope a padoko. Kenako analumphiramo n'kugwira nkhafi. Wojambulayo, kaya anali ndani, anaikapo kanyimbo koseketsa, ndipo pamwamba analemba kuti ng'ombe yaikazi yayamba kukoka ngolo ku Chiuta. Kavidiyoko kanali katazungulira Fesibuku yonse mpaka kukafika ku Joni, kumene Hamadi, mwamuna wa Lukiya, ankagwira ntchito. Anzake kumeneko ankamufunsa ngati kumene anakwatira akazi amameranso ndevu.

Sharifa anaonera kawiri, mutu atapendeketsa. Kenako ananena kuti tsopano wadziwa chifukwa chake msana ukumupweteka, amawerama kwambiri pokankha.

Mawu amenewa anali ngati mafuta pamoto. Lukiya anakweza mawu mpaka amayi awo, Abiti Yunusu, anatuluka m'khitchini akupukuta manja, n'kupempha kuti atsitseko, pakuti oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira pampanda. Pakhonde, bambo awo Che Twalibu anali gone pa mkeka, monga ankakhalira chidwalireni matenda amene anawaumitsa mbali yakumanja n'kuwamanga lilime. Maso okha ndiwo ankayenda, kuchoka pa mwana uyu kupita pa mwana uyo.

"Amayi, inunso mwangokhala duu mwana akusanduka chiseko cha dziko lonse?"

"Ndinene chiyani, mwanawe? Ku mjigo akazi anzanga sandiyankhanso moni. Koma ndikabwera kuno ndimapeza ndiwo. Walira mvula walira matope."

"Bwato la abambolo mukanabwereka mwamuna wina azikupherani nsomba," anatero Lukiya.

"Tinabwereka," anayankha Sharifa. "Ankabwera nalo lili ndi madzi okhaokha, chonsecho kunyumba kwawo kukununkhira mlamba wowamba. Abambo alibe mwana wamwamuna, achemwali. Ali ndi inu ndi ine, ndipo inu muli pabanja. Mumafuna ndikhale pansi ndizidikira kuti nsomba zibwere wapansi?"

"Mkazi ali ndi malire ake, iwe. Thadzi likayamba kulira kokoliliko amalidula khosi. Adzakufunsira ndani ndi manja okakala ngati amenewo? Tonse tinalangidwa, tinamva. Mkazi amalandira nsomba kumtunda, sakazitenga pamadzi."

"Nanga wokazitenga akagona pa mkeka, wolandirayo alandire chiyani?"

Apa Che Twalibu anamenya mkeka ndi dzanja lamanzere, kukhosi kukutuluka mawu osamveka. Lukiya anati mwamva, abambo akugwirizana ndi ine. Sharifa anati iyayi, akugwirizana ndi ine. Abiti Yunusu anangobwerera kukhitchini.

Panali chimodzi chimene Lukiya sananene. Ku Ntaja anali m'gulu la pa Watsapu lotchedwa Akazi a Ulemu, la atsikana okwatiwa amene amuna awo anali ku Joni. M'menemo ankalangizana kavalidwe, kayendedwe, ndi mmene mkazi angadikirire mwamuna popanda kunenedwa. Wina akaoneka pamsika ataseka ndi mwamuna wa eni, chithunzi chake chinkafika m'gulumo iye asanafike kunyumba. Kavidiyo ka Sharifa katalowa, wina anafunsa ngati ameneyu si mng'ono wake wa Lukiya. Iye analemba kuti ndi yemweyo, koma si mmene analeredwera, ena amangobadwa mitu itazondoka. Anaikapo ndi kankhope koseka. Sanalembe chifukwa chodana naye. Ankakhulupiriradi zimenezo, monga ankakhulupirira kuti moto umawotcha.

Anauza Hamadi kuti sabwerera ku Ntaja mpaka nkhaniyi ataikonza. Anayamba ndi kwa shehe wa pamzikiti, koma anachokako wokhumudwa, pakuti mkuluyo anati sakudziwa pamene panaletsedwa mwana kudyetsa makolo ake ndi thukuta loyera. Kwa amayi ogula nsomba padoko ndiye kumene anapeza omumvetsa. Iwo anali atapangana kale zosagula nsomba za Sharifa, amati n'zodetsedwa, ndipo Lukiya anawauza kuti apitirize, akamva kuwawa asiya yekha. Inali nyengo yozizira, mphepo ikuwomba tsiku ndi tsiku, nsomba zitabisala. Asodzi akabwerako ndi maukonde opepuka ankayang'ana bwato la Che Twalibu ndi diso lofiira, ndipo mawu anayamba kuyenda akuti nyanja yakwiya chifukwa yapondedwa ndi mkazi.

Kuseri kwa nyumba kunali chulu, ndipo pamudzipo netiweki inkagwira bwino pamenepo pokha. Lukiya ankakwerapo masana aliwonse kukawerenga zimene anthu akulemba pansi pa kavidiyo kaja. Amuna ankangoseka n'kudutsa. Amene ankakhalitsa, kusanthula miyendo ya Sharifa, mpango wake, ndi chimene chingamulepheretse kubereka, anali akazi. Pakati pawo panali mmodzi wosiyana, dzina lake Chrissie wa ku Balaka, amene pachithunzi chake anagwira macheka. Iye analemba kuti waonera kambirimbiri koma choseketsa sakuchiona, akungoona munthu wamphamvu, ndipo amene akumudziwa mtsikanayu amupatse nambala yake. Lukiya anatsonya. Mumtima anati ndi zimenezi mbeta za m'tauni, kusowa chochita.

Mmawa wina Sharifa anapita kudoko monga mwa masiku onse, koma sanachedwe kubwerako. Anaimika nkhafi pakhoma n'kulowa m'nyumba. Lukiya atathamangira kudoko anapeza bwato litafwamphuka m'mbali. Wina anali atalitema ndi nkhwangwa, bowo lake loti munthu n'kulowetsapo mutu ndi mapewa omwe. Panalibe amene anaona, panalibe amene anamva. Mmodzi wa amayi ogula nsomba anamugwira paphewa n'kumuuza kuti apumule tsopano, manyazi ake atha.

Lukiya ankayembekeza kuti mtima ukhala pansi. Koma kunyumba anapeza Sharifa atavula buluku lija, atalichapa, ndipo litauma analipinda n'kuliika kumutu kwa bambo ake. Kuyambira pamenepo mtsikana amene ankadzuka tambala asanalire anayamba kumangokhala pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa nyerere. Ndiwo zinasanduka masamba a mbatata, lero ndi mawa. Abiti Yunusu anayamba kufunsa za ganyu m'madimba a anthu.

Tsiku lina madzulo, akusankha nandolo awiriwiri, Sharifa analankhula osadzutsa mutu.

"Achemwali, mwina munkanena zoona. Mwina ndinedi ndinathawitsa nsomba. Mkazi ali ndi malire ake. Mukabwerera ku Ntaja mukandifunire mwamuna, ngakhale wamitala, ngakhale wokalamba, bola azidyetsa amayi ndi abambo."

Ananena mofatsa, popanda mkwiyo kapena chipongwe. Lukiya anamva mawu ake omwe akutuluka pakamwa pa mng'ono wake, ndipo anamveka ngati a munthu wachilendo, munthu woti iye sangafune kukhala naye nyumba imodzi. Atayang'ana pakhonde anaona msozi ukutsika pa tsaya la bambo ake, iwo akulephera kuupukuta chifukwa anagonera dzanja lamoyolo.

Mmawa mwake anapita kudoko n'kujambula bwato lija. Anakwera pachulu, n'kufunafuna dzina la Chrissie mpaka analipeza. Anatumiza chithunzicho n'kulemba kuti iye ndi mkulu wake wa mtsikana wa bwato uja, ndipo izi ndi zimene zachitika. Sankadziwa chimene akupempha.

Asanatsike pachulupo yankho linali litafika. Chrissie anamufunsa nambala, ndipo posakhalitsa Lukiya anapezeka ali m'gulu lina la pa Watsapu, lotchedwa Ana Osamva. Dzinali analitola pakamwa pa anthu amene ankawanyoza. Munali atsikana a ku Balaka, a ku Liwonde, a kwa Kalembo, ena a ku Ntaja komweko amene Lukiya ankakumana nawo pamsika osadziwa. Wina ankawotcherera zitsulo, wina ankaphunzitsa masamu, wina ankayendetsa kabaza, ndipo ambiri anali atsikana wamba ogulitsa mandasi ndi tomato, amene anangotopa ndi kusekana.

Foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Lukiya anadikira funso limene ankalidziwa, lakuti nanga Sharifayo analowereranji m'madzi. Silinabwere. Ankafunsa kukula kwa bowo, mtundu wa matabwa, ngati msana wa bwato sunasweke, ngati Sharifa akudya. Chrissie anati ali ndi matabwa otsala pa ntchito ya zitseko. Wina wogwira ntchito m'sitolo ya zipangizo ku Liwonde anati phula ndi misomali asiyire iye. Tereza, wa kabaza uja, anati matabwawo awamanga pa njinga yake ngakhale atalike bwanji. Lukiya anakhala pansi pachulupo, dzuwa likumuwotcha osalimva. Anthu amenewa sanadyepo nsomba ya Sharifa. Sanali abale, sanali a mpingo umodzi kapena mzikiti umodzi. Lukiya ankafunafuna pamene pabisala phindu lawo, osapapeza.

Koma pagulu sipalephera wokumbukira. Mtsikana wina wa ku Ntaja, amene anali ndi msuweni m'gulu la Akazi a Ulemu, anaponya chithunzi cha mawu aja Lukiya analemba, a mitu yozondoka, ndi kankhope koseka kali pompo. Anafunsa ngati uyu si yemweyo. Gulu linawira. Ena anati achotsedwe, wabwera kudzatola nkhani. Ena anati njoka ndi njoka ngakhale ifundule. Chala cha Lukiya chinali chitayandikira kale potulukira m'gulumo pamene uthenga wa mawu wa Chrissie unalowa. Anali mawu aakulu, okhala ngati a munthu wachimfine.

"Atsikana, tandimverani. Ine tsiku loyamba kukwera basi yoyendetsa mkazi ndinatsikira panjira. Ndinati ndisafere m'manja mwa mkazi. Pamenepo n'kuti ndili kale ndi macheka m'manja, anthu akundiseka inenso. Tonsefe tinayamwa bere limodzi, lotiuza kuti mkazi mnzako akakwera pamwamba umukokere pansi asakuchititse manyazi. Ena tinalavula msanga, ena akulavula lero. Chithunzi cha bwato watumiza ndi iyeyu, palibe anamukakamiza. Musiyeni akhale."

Kenako wina analemba kuti iyenso kavidiyoko anaseka tsiku loyamba. Winanso anati amakonda kutumiza mlongo wake kukalankhula ndi makasitomala, poganiza kuti mawu a mwamuna ndiwo amamveka. Ankavomera mmodzimmodzi, ena moseka, ena mwamanyazi. Woponya chithunzi uja sanapepese, koma sanapitirizenso.

Lukiya anatsika ndi foni n'kukakhala pambali pa Sharifa pansi pa mango. Anayamba kumutsegulira mauthenga a mawu amene atsikanawo ankamutumizira iye mwini, akumutchula dzina. Sharifa anamvetsera atatembenukira kumbali. Kenako panabwera mawu ang'ono, amantha, a mtsikana wa kwa Mposa, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ananena kuti iyenso amakavuula miono ya malemu bambo ake, koma mobisa, anthu asanadzuke, ndipo nsombazo amanamizira kuti wapatsidwa ndi amalume ake. Anati ataona kavidiyoko analira, chifukwa ankaganiza kuti dziko lonse ali yekha.

Sharifa anapempha kuti aubwereze umenewo. Utatha kachiwiri anafunsa, "Onsewa akundidziwa ine?"

"Akukudziwa kuposa mmene ndinkakudziwira ine," anayankha Lukiya.

Anapangana za Loweruka. Lukiya ankaganiza kuti kubwera awiri kapena atatu, pakuti kulemba pafoni n'kosavuta koma msewu wa ku Chiuta ndi wautali, wafumbi. Dzuwa litakwera pang'ono kunamveka njinga yamoto, ndipo inatulukira itanyamula matabwa otalika kuposa iyo yomwe, woyendetsa atavala chisoti pamwamba pa mpango. Pambuyo pake panabwera zina. Kenako kagalimoto ka matola kanaima pamphambano n'kukhuthula atsikana ngati thumba la mtedza lamasuka. Ena anavala mahijabu, ena mabuluku, ena zitenje za kutchalitchi, wina mwana ali kumsana. Ananyamula chitini cha phula, nyundo, nsanza zotsekera mipata, ndi mtanga wa mandasi.

Chimene chinamuimitsa Lukiya pakamwa pali yasa chinali chakuti ambiri a iwo anali asanaonanepo. Ankazindikirana ndi mawu. Wina akangoti moni, mnzake ankakuwa kuti ndiwe uja wa tomato, n'kukumbatirana ngati ana a mimba imodzi amene anasiyana kalekale. Lukiya ankafunafuna chimzimayi chachikulu choyenera mawu a Chrissie, koma amene anamugwira dzanja anali kamtsikana kakafupi, kowonda, pensulo ili kukhutu.

Atafika padoko Chrissie anazungulira bwatolo, kuligogoda uku ndi uku, n'kuulula kuti chibadwire sanakhudzepo bwato. Iye amakhoma zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo mwini bokosi sanabwerepo kudzadandaula kuti likudontha. Anati manja ali nawo, koma maso akhale a Sharifa. Sharifa, amene anabwera monyinyirika atafunda chitenje kumutu, anayamba ndi kuloza ndi chala chapatali. Posakhalitsa anali atagwada m'matope akusonyeza mmene thabwa liyenera kupindikira potsata mimba ya bwato. Atsikana ena anakatenga Che Twalibu pa njinga yakapalasa, wina akukankha, ena atawagwirira mbali zonse, n'kuwakhazika pamthunzi. Thabwa likalakwika ankamenya pansi ndi dzanja lamanzere. Likakhala bwino ankatsinzina.

Mudzi wonse unatsikira kudoko. Asodzi anaima patali manja ali kumbuyo. Wapampando wa komiti ya padoko, Che Twaha, anabwera n'kunena kuti doko lili ndi malamulo ake, alendo sangangofika n'kuyamba kukhoma. Koma mawu ake anamira m'mawu a amayi ogula nsomba, amene ankati atsikana otayika a m'tauni abwera kudzaphunzitsa ana awo mwano. Mmodzi anaitana Lukiya ndi dzina, n'kumufunsa ngati si iye amene ankati mwanayu amve kuwawa.

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali Hamadi. Wina anali atamutumizira kale chithunzi cha mkazi wake atanyamula thabwa pakati pa atsikana a mabuluku. Sanapereke moni. Anati Lukiya achoke pamenepo, akwere njinga abwerere ku Ntaja lero lomwe, apo ayi adziwe kuti wasankha yekha. Mawu ake ankamveka kwa onse amene anali pafupi, ndipo nyundo zinaleka kulira.

Chikwatiwireni Lukiya anali asanamuyankhepo mwamunayu mawu awiri otsatizana.

"Ndakumvani, abambo," anatero. "Ndibwerera bwatoli likalowa m'madzi. Inu munawoloka malire a mayiko kukafuna chakudya cha banja lanu, ndipo tonse tinakutamani. Mng'ono wangayu wangowoloka bango ili."

Foni inaduka. Lukiya anaiika m'chitenje n'kutembenukira kwa amayi aja.

"Ndinanenadi, amayi anga, ndipo ndinanena ndi mtima wonse. Koma kuwawako ndakuona ndi maso, kwagwera pa mkeka wa abambo anga. Ndani pano amene wauzidwa kuti mwamuna wake sadzagona pansi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limenelo mudzafuna kuti mwana wanu wamkazi akhale ndi manja, kapena akhale ndi ulemu wokha?"

Palibe anawomba m'manja. Amene anamufunsa uja analavula pansi n'kunyamula beseni lake. Ena anamutsatira. Che Twaha anayang'ana Che Twalibu, mnzake amene anakokera naye khoka kuyambira ali anyamata, ndipo Che Twalibu anamuyang'ananso osaphethira. Wapampandoyo anakanda m'mutu, n'kunena kuti iye amangofuna asasiye misomali pamchenga, ana angabayidwe. Nyundo zinayambiranso. Moto wosungunulira phula utayamba kuzilala, mayi wina mwa ogula nsomba amene anatsala anachoka mwakachetechete, n'kubwera ndi mtolo wa nkhuni. Anauponya pafupi ndi moto osayang'ana munthu, n'kumapita.

Ntchito inatenga tsiku lonse. Thabwa lina linang'ambika, anayambiranso. Mphunzitsi wa masamu anadzimenya chala ndi nyundo n'kulira ngati mwana, anzake akumuseka. Nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, itakwana, ena anayala zitenje pansi pa mtengo, anzawo achikhristu akuwagwirira zipangizo. Lukiya ankanyamula madzi ndi kugwirira matabwa, koma kawirikawiri ankangopezeka waima, akuyang'ana. Moyo wake wonse ankadziwa kuti akazi akachuluka pamalo amodzi pamatuluka miseche. Apa panali kutuluka bwato.

Dzuwa lisanalowe bowo linali litatsekeka, phula lakuda likunyezimira pa matabwa atsopano. Sharifa anapempha Chrissie kuti adzakwere nawo tsiku loyamba, koma iye anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti madzi amene amawakhulupirira ndi a m'kapu okha. Atsikanawo ananyamuka akuimba, atalamula chinthu chimodzi: phula likauma, bwato likalowa m'madzi, akufuna kavidiyo katsopano, kojambula wachibale.

Masiku otsatira sanali a chikondwerero. Lukiya atakwera pachulu anapeza kuti Akazi a Ulemu amuchotsa. Patapita masiku, Hamadi anatumiza mawu ochepa akuti adzakambirana pamaso pa ankhoswe akadzabwera. Lukiya sankadziwa ngati banja lake lili chiimire kapena layamba kupendekeka, ndipo akaganiza za nyumba yake ya ku Ntaja mtima unkamupweteka. Ku mjigo, ena anayambanso kuyankha moni wa Abiti Yunusu, ena ayi. Wotema bwato sanadziwike.

Mmawa umene mphepo inagona, Sharifa ananena kuti phula lauma. Koma bwato lokonzedwa kumene silipita ndi munthu mmodzi, pamafunika wina wokapa madzi ngati penapake patsala mpata. Anayang'ana uku ndi uku pabwalo, ngati kuti pali anthu ambiri oti asankhepo. Lukiya anamanga chitenje mwamphamvu, n'kutola kachigubu kodula pakati.

Anabadwira pamudzi umenewu. Anachapa m'mphepete mwa nyanjayi, anatunga madzi ake, anadya nsomba zake mpaka kukula, koma anali asanapitirirepo pamene madzi amalekeza m'mawondo. Bwato litagwedezeka koyamba anagwira m'mbali ndi manja onse awiri, akutchula dzina la Mulungu chamumtima. Sharifa analikankha n'kulumphiramo, ndipo analowa m'kanjira kopapatiza ka pakati pa bango, bango lalitali lotseka kumwamba, lonunkhira matope ndi mizu. Akakowa ankauluka patsogolo pawo n'kukateranso poteropo. Lukiya ankayang'ana pa matabwa atsopano aja. Madzi ankangolowa timadontho.

Kenako bango linatha mwadzidzidzi, ndipo dziko linatseguka. Madzi anayala mbali zonse, osalala ngati galasi, atatenga mtundu wa kumwamba moti bwato linkaoneka ngati likuyenda pakati pa mitambo. Kutsogolo kunali mapiri a ku Mozambiki, obiriwira motuwa, oyandikira ngati ungawakhudze. Nkhwazi inalira penapake pamwamba. Lukiya atacheuka anaona mudzi wawo, umene ankauyesa waukulu, wodzaza maso ndi pakamwa, utasanduka kamzere ka madenga ndi mitengo ya mango, ndi kadontho koyera ka mzikiti. Anthu onse amene ankawaopa anakwana m'kamzere kameneko.

Sharifa anali ataimirira kumbuyo kwa bwato, mapazi atatangadza, nkhafi ikulowa ndi kutuluka m'madzi popanda phokoso. Nkhope yake inali ina, yoti Lukiya anali asanaionepo kumtunda. Ankawerenga madzi ngati munthu woyenda m'munda mwake, akusonyeza pamene pali mwala, pamene makumba amakonda, pamene mvuu inadutsa chaka chatha. Anatchera ukonde, n'kudikira dzuwa likukwera, ndipo pouvuula munali nsomba zochepa chabe, zikuphiriphitha ndi kung'anima pansi pa bwato. Lukiya anagwira imodzi ndi manja awiri, yamoyo, yozizira, yamphamvu kuposa mmene ankaganizira.

Anabwerera dzuwa lili pamutu. Atalowanso m'kanjira ka bango, Sharifa anafunsa, "Mwajambula bwino, achemwali? Akudikiratu anthu aja."

Lukiya anagwira pachitenje pamene anamangirira foni. Mfundo yake inali chimangire.

"Iyayi," anatero. "Ndinaiwala."

"Ndiye tikawauza chiyani?"

Lukiya anacheukanso kumene bango linali kutsekera nyanja kumbuyo kwawo.

"Tikawauza kuti adikire. Tibweranso mawa."